Mkamwini Wachotsa Amuna Anga Mufilimu

Ndikulembera inu amene munakulira pa mabenchi a malemu amuna anga, kuseri kwa chinsalu chakuda chija, mukuonera anthu osavala akuthamangitsana ndi malupanga. Woyamba pamlanduwu ndi mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga womaliza, uja amakonza mafoni mukontena pafupi ndi pokwerera mabasi. Enanu dikirani, ndikufikani.

Mukudziwa kuti amuna anga ankamasulira mafilimu ndi pakamwa. Chifuwa chitayamba kuwavuta, anajambula mawu awo pa tepi ya filimu ina, pabalaza pathu, kuti tepiyo iziwalankhulira kuholo. Ine kuholoko sindinapondeko, ndinali ndi ntchito. Filimu ndinaiona kunyumba iwo akuyeserera, mpaka ndinailoweza osafuna, koma tepi yojambulidwayo sindinaimvepo. Atamwalira, makina anagulitsidwa, tepi inagona musutikesi. Nditapeza mkamwini wodziwa zamakina ndinamupatsa kuti aisamutsire mu fulashi, ndiwamveko amuna anga. Iye anawachotsamo.

Ndinamupeza ataweramira foni ya munthu, kagalasi kali padiso, utsi wa chowotcherera uli tolotolo. Anandipatsa kampando kamodzi komwe kali mmenemo n'kutembenuza kompyuta kuti iyang'ane ine.

"Khalani bwino, amayi. Zimene muone apa simukhulupirira."

"Ndabwera kudzamva, osati kudzaona. Yatsani."

"Sipika ikutchajidwa. Yambani mwaona chithunzi."

Anayatsa. Anatulukira Achifuwa aja, mukuwakumbuka, chimunthu chodzola mafuta thupi lonse, kakabudula ka chikopa basi, lupanga kumsana lotalika kuposa mwini wake. Mtima wanga unadumpha ngati ndaona m'bale. Kenako chinjoka chinatsika kuphiri.

"Imitsani. Waya uli kuti?"

"Waya wa chiyani, amayi?"

"Umene umagwira chinjokacho pakhosi."

"Ndaufufuta. Umaoneka."

"Eya umaoneka. Nanga chinjoka cha raba chiuluka ndi chiyani?"

"Ndi mapiko."

"Mapiko a ambulera amenewo? Amkamwini, inu munapita kusukulu. Chinthu chonenepa chonchi chingauluke ndi ambulera?"

"Sichiuluka zenizeni, amayi. Ndi filimu."

"Ndiye waya mwachotseranji?"

"Kuti chizioneka ngati chikuuluka zenizeni."

"Mwangonena kumene kuti sichiuluka!"

Anakanda m'mutu ndi sikuludalaiva.

"Amuna anga ankati chinjokachi chili ndi mwini wake, ndipo chimaluma, n'chifukwa chake amachimangirira. Inu mwachimasula. Chikaluma munthu muyankha ndinu. Pitirizani."

Anapitiriza. Tinafika pachipata cha mfumu, pali mlonda wa chisoti cha ndowa uja.

"Imitsani. Dzanja la mlondayu lili mbee bwanji?"

"Anali ndi wotchi, amayi. Ndamuvula."

"Mwaba wotchi ya mlonda?"

"Sindinabe. Nthawi imeneyo kunalibe mawotchi."

"Nthawi iti?"

"Yamakedzana."

"Munaliko?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye mukudziwa bwanji? Munthuyu amamenya mofulumira chifukwa wayang'ana nthawi, basi yomaliza imusiya. Amuna anga ankanena choncho, ndipo anthu ankabwereza mawu amenewa m'misewu. Tsopano aweruka bwanji?"

"Saweruka, amayi. Amabayidwa pompano."

"Ndiye mwavula wotchi munthu woti akufa. Ngakhale akuba a pa ngozi amadikira kaye."

"Amayi, wotchi ija ndi ya munthu amene amasewera, anangoiwala kuvula."

"Iye anaiwala, inu mwakumbuka. Anakutumani? Tiyeni patsogolo."

Anapititsa filimu. Linaoneka linga la mfumu, la makatoni lija, limene limagwedera lonse munthu akatseka chitseko mwamphamvu. Ndinadikira. Ndinadikiranso.

"Lole yachedwa bwanji lero?"

"Sibwera, amayi."

"Yafa?"

"Ndapakapo mtambo."

"Mtambo pansi?"

"Chifunga."

"Iii, ambuye anga. Lole imeneyo ndi ya simenti! Mfumu inatopa ndi linga logwedera, inaitanitsa simenti. Inu mwabweza lole pamsewu. Anthu amenewa akhala m'makatoni mpaka liti?"

"Lole ija inangodutsa mwangozi, amayi. Ojambula sanaione."

"Amuna anga anaiona."

"Koma siili m'nkhani."

"Inalowa yokha, ndiye ili m'nkhani. Inu pa banja lino munalowa bwanji? Alipo anakupakani chifunga?"

 Anatenga foni ya munthu ija, anaiyang'ana, anaibwezera pomwe inali.

"Ndaonanso kuti filimu yafupika," ndinatero. "Tafika msanga kumlatho."

Nkhope yake inawalanso. "Pamenepo ndiye ndagwira ntchito, amayi. Munali bambo wina wa ndevu zomata. Amafa pamlatho, kenako amafanso kumsika, kenako amafanso pamasitepe. Munthu mmodzi yemweyo, ndamuzindikira ndi dzino. Ndamusiya afe kamodzi ngati anthu ena onse."

"Aja ndi pachibale!"

"Ndi munthu mmodzi, amayi. Amangosintha chipewa."

"Mayi wawo anabereka anyamata okhaokha, onse a dzino limodzi, onse opanda mwayi. Amuna anga akafika pa wotsiriza ankavula chipewa n'kunena kuti pepani mayi, uyunso wapita. Inu mwawafufuta. Mayi uja alira ndani?"

"Mayi ameneyo mufilimu mulibe."

"Ali kunyumba! Aliyense amene mulibe mufilimu ndiye kuti kulibe? Lumikizani sipikayo, ndatopa nanu."

Anazula sipika pa chaja, analumikiza. Kunamveka kanyimbo ka malipenga kaja, mahatchi kuti gubudu gubudu, malupanga kuti ngwe ngwe ngati akazi akutsuka mapoto. Ndinakonza mpango, ndinakhala bwino. Achifuwa anatsegula pakamwa. Kunali zii.

"Kwezani."

"Ndakweza, amayi. Pamapeto ndi pomwepa."

"Nanga bwanji anthuwa akungoyasama ngati nsomba?"

"Chizungu chawo chinali chapansipansi kale, chinaphimbika. Koma phokoso lija ndachotsa lonse." Anamwetulira ngati mwana amene watsuka mbale osatumidwa.

"Phokoso liti?"

"Munali bambo wina wobwebweta kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kutsokomola, kuseka yekha, kumwa tiyi mokoka kuti fyuuu pafupi ndi maikolofoni. Wandivuta, amayi. Anakakamira ngati chingamu pa nsapato."

Ndinagwira m'mphepete mwa kampando.

"Ankati chiyani bamboyo?"

"Mabodza okhaokha. Ine filimuyi ndaifufuza, ndawerenga nkhani yake yeniyeni. Mnyamatayu akufuna kubwezera imfa ya bambo ake, amene anaphedwa ndi wamatsenga wadazi uja. Koma bamboyo amauza anthu kuti akufunafuna zovala."

"Akufunadi zovala."

"Ayi, amayi."

"Mkazi wake anachapa zonse tsiku limodzi, Kadazi n'kuziba pachingwe. N'chifukwa chake aliyense wovala malaya amamubaya. Simukuona kuti munthuyu ali maliseche?"

"Ndi mmene ankavalira."

"Pa chisanu chonse chija? Munthu angakwere phiri la madzi oundana ndi kakabudula chifukwa cha bambo ake? Bambo ako akafa umavala, anthu amabwera. Uyu wabedwa."

"Koma pamapeto zovalazo sazipeza."

"N'chifukwa chake pali gawo lachiwiri."

"Amayi, bambo ameneyo Chizungu sankachidziwa n'komwe."

"Nanga Achifuwa ankachidziwa? Filimu yonse amangoti haa, huu, haa. Amuna anga ndi amene anawapatsa pakamwa."

Sikuludalaiva inagwa pansi.

"Amuna anu?"

"Chingamu chimene chinakuvutanicho ndi apongozi anu."

Anaimirira, anagunda mutu pa shelefu, mafoni akufa anagwa awiri. Anavula kagalasi kaja, anakayang'ana, anakavalanso.

"Simunanene, amayi."

"Ndinati muisamutse."

"Munati, amkamwini, tepi iyi yatha, muisamutse, imveke bwino."

"Eya, imveke!"

"Ndiye ndachotsa chimene chimalepheretsa kuti imveke."

"Mwachotsa chimene chimamveka!"

"Mukananena kuti muli bambo."

"Ine, mayi wamkulu, ndiime pamaso pa mkamwini n'kumati ndasowa mawu a mwamuna? Munayenera kudziwa nokha."

"Ndikanadziwa bwanji? Sindinawaonepo. Pa chithunzi chili pabalaza paja satsokomola."

Mukuona munthu amene mwana wanga anasankha? Anyamata onse amene ankaima pageti, iye anatola uyu.

"Ndipatseni tepi yanga. Ndikapereka kwa munthu wamutu."

Anatsegula dirowa pang'onopang'ono. Anatulutsa kajumbo, m'katimo muli tizidutswa takuda topiringizana ngati matumbo a nkhuku.

"Inayenda kamodzi kokha, amayi. Inali ndi nkhungu. Itangofika kumapeto, makina anaitafuna."

"Anaitafuna."

"Komatu amayi, ine ndisanayambe ntchito ndimakonda..."

"Khalani chete!"

"Ndimangofuna ndinene kuti..."

"Ndati chete! Mukatsegulanso pakamwa ndikakulandani mkazi wanu lero lomwe."

Anatseka. Anaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

Ndinayang'ana kajumbo kaja pamiyendo panga. Inu mumayesa ndinkafuna filimu? Filimu imeneyi ndi yachabechabe, ndinkawauza eni ake ali moyo. Lupanga limapindika ngati lata, magazi ngati penti ya pageti, mafupa oyenda aja ndi anthu ovala masokosi. Koma munthu uja akakhala pampando wake, maikolofoni m'manja, zinyalala zimenezi zinkasanduka nkhani yoti ngakhale ine ndinkaima pakhomo ndi beseni, madzi n'kumandidonthera kumapazi. Kutsokomola kumene uyu wachotsako ndi kumene ndinabwerera. Zaka zonse zija ndinkawakalipira kuti tiyi samamwa choncho pa anthu. Tsopano nyumba ili zii, aliyense amamwa tiyi mwaulemu, ndipo ndimafuna kuswa makapu.

Magazi anandikwera. Ndinaimirira, kampando kanagwa.

"Inu! Munthu ndinamuika kamodzi, inu mwamuikanso kachiwiri opanda ngakhale nyimbo! Mundiona lero. Ndikulowetsani mumphika pamodzi ndi makina anu omwewa, ndikuwiritseni mpaka mafupa afewe!"

Sanathawe. Anangopendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi, n'kukweza chala.

"Chiyani?"

Analoza pakamwa pake.

"Lankhulani!"

"Tabwerezani, amayi."

"Mwati chiyani?"

"Pa mafupa afewe paja. Mokweza pang'ono."

"Mukundiseka?"

"Ayi, amayi, ndikupempha. Pali chimene ndikufuna ndifananize."

Sanadikire. Anaweramira kompyuta, anathamangitsa filimu mpaka chakumapeto, pamene Achifuwa amalowa kuphanga. Ng'oma zinayamba kulira. Inatulukira mfiti ya kuphanga, tsitsi la mopu, mphuno yomata ikufuna kugwa, ikutakasa chimgolo chofuka utsi wobiriwira. Inatembenuka, inaloza Achifuwa ndi chikhadabo, inatsegula pakamwa.

"Inu! Muzimitsa zopusa zanuzi, kapena ndikulowetseni mumphika pamodzi ndi makina anu omwewo? Ndikuwiritsani mpaka mafupa afewe!"

Mayi wina amene ankadutsa panja ndi dengu anaima, anasuzumira, anathawa.

"Ameneyu ndinamusiya," anatero mkamwini motsitsa mawu. "Mawu ake amagwera pakamwa penipeni. Ndinayesa ndi a mufilimu."

"Mfiti yachizungu ikulankhula chilankhulo chathu, inu osadabwa?"

"Ndinadabwa, amayi. Koma ndinati mfiti zimatha zilankhulo zonse."

Mfiti inali isanamalize. Inamenya chimgolo ndi chipande, inaloza kang'ona ka raba kamene kanagona pambali pake.

"Mwanayu ndangomugoneka kumene! Akadzuka mumubereka nokha, mudziwe kuti kubala si filimu!"

"Apa ndinayesa akunena kang'onako," anatero.

"Kang'ona kameneko ndi mkazi wanu."

Anayang'ana kang'ona, anayang'ana ine, anameza malovu.

Ndinadzutsa kampando, ndinakhala. Zinthu zinayamba kundibwerera. Tsiku lojambula lija ndinali kuchipinda, ndikugoneka mwana. Filimu yonse inkalira bwinobwino, chapansi. Zitangoyamba ng'oma zakuphanga, munthu uja anakweza mpaka mazenera kunjenjemera. Ndinatuluka ngati mavu. Ndinawapeza atakhala phee, maikolofoni ali pabondo, atayang'anitsa kukhomo kumene ndinaima. Sanandiyankhe ngakhale liwu limodzi. Ine ndinapita kukagona ndikuti lero ndawagonjetsa, aphunzira ulemu.

"Amkamwini."

"Amayi."

"Mfitiyi isanalankhule, bambo wanu wa chingamu uja ankati chiyani?"

"Ndinene momwe ananenera?"

"Nenani."

Anakonza kukhosi. "Ankati, tsopano abale anga gwiranani manja, amantha atuluke, mwini nyumba wadzuka."

"Kenako?"

"Kenako chete, mpaka mfiti itamaliza."

"Itamaliza?"

"Amanong'ona kuti, mwamva nokha, Achifuwa ali ndi lupanga koma akunjenjemera, nanga ine wopanda kanthu."

"Basi?"

"Kenako tiyi. Fyuuu."

Ndinafuna kulira, ndinafuna kutukwana.

"Ndipo munthu woti andiyankhe pa zimenezi mwamufufuta."

"Mu iyi, eya."

"Mu iyi? Pali inanso?"

"Ndi zimene ndimafuna kunena zija, amayi. Ine ndisanayambe kukonza chinthu ndimasunga kaye mmene chabwerera. Bambo alipo. Chifuwa chawo, tiyi wawo, zonse, sindinakhudze."



"Nthawi yonseyi?"

"Eya, amayi."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Munati ndikhale chete."

"Ndikanati mudziponye pansi pa basi mukanadziponya?"

Anaganiza kaye. Ndikunena zoona, anaganiza.

"Musayankhe. Ikani mu fulashi zonse mmene zinalili, musachotse ngakhale fumbi. Abwere kuno bambo ameneyo. Ndinabwera kudzawalira, koma tsopano ali ndi mlandu."

"Chabwino, amayi." Anagwira kambewa ka kompyuta, anaimanso. "Nanga mfitiyi? Poti mwadziwa kuti ndi... poti si ya mufilimu. Ndingathe kuichotsa yokhayo, pasatsale ndi liwu lomwe."

"Yerekezani muone. Mufilimu yonseyi amene akuidziwa ntchito ndi iyeyo."

Tsono ndafika kwa inu a pa mabenchi. Ena ndinu aphunzitsi tsopano, ena mumayendetsa galimoto za eni, ena mumalalikira. Tepi imeneyi munaionera mpaka kuiperepesa, ena munkabwerera tsiku lomwelo. Mawu anga munkawadziwa, poti ndi omwewo ndinkakuthamangitsirani pa mpanda wanga. Munkandipatsa moni pamsewu mutagwira chipewa, ine n'kumati koma ana a masiku ano ndi aulemu. Pamaliro munadzaza bwalo, munandigwira dzanja mmodzimmodzi, palibe amene anatsegula pakamwa. Mwini wake ndikumumva tsiku ndi tsiku tsopano, ndimamufunsa, amangotsokomola n'kumwa tiyi. Ndiye muyankha ndinu. Mfiti ija ikatembenuka n'kuloza, munkaseka kapena munkaopa? Ndiyankheni. Amene ankaopa angolemba. Amene ankaseka abwere adzandiuze pakhomo, nyumba ndi yomwe ija.